Mpeni wa Abucha

Abucha atagwa m'bafa ndi matenda akufa ziwalo, dzanja lawo lamanja silinadzukenso. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, lilime nalo linayamba kutembenuka moti ukatchera khutu umamva chimene akufuna, koma dzanja lija linangoti lende pambali ngati lobwereka. Ndipo linali dzanja lomwelo limene linkachititsa kuti msewu wonse uzidya nyama mtima uli m'malo.

Butchala yawo inali yaing'ono, yopanikizika pakati pa sitolo ya utoto ndi shopu ya telala. Kutsogolo kunali kauntala ya matailosi oyera, sikelo, mbedza zolendewera pachitsulo, ndi furiji yakale yolira ngati ili ndi chifuwa. Kuseri kunali bwalo la simenti lampanda, mpopi, ngalande, ndi kakhola ka mbuzi zodikira tsiku lawo. Mabutchala aakulu analipo m'tauni, a magalasi ndi zikwangwani zolembedwa kuti halali. Abucha analibe chikwangwani. Anthu ankangodziwa kuti amatawaza, kusamba monga pokapemphera, asanagwire mpeni, kuti sanola mpeni mbuzi ikuona, komanso kuti Bisimila yawo, kutchula dzina la Mulungu pozinga, sinali yapamilomo chabe.

Mwana wawo woyamba ankatchedwa Namanzere, chifukwa ku madirasa aphunzitsi analephera kumusamutsira cholembera kudzanja lamanja mpaka anangomusiya. Anakulira m'butchalamo. Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, anabereka ana awiri, koma m'mawa uliwonse akamaliza swala, pemphero lake, ankamanga mpango wake mfundo yolimba kumbuyo kuti usalowe m'magazi, n'kuvala epuloni yapulasitiki ndi magambuti. Kusenda, kutumbula, kudula nthiti, kuyeza pasikelo, zonsezo zinali m'manja mwake. Chimodzi chokha sankachita pamaso pa anthu: kuzinga. Bambo ake anamuphunzitsa kalekale, chipata chakuseri chili chotseka, chaka china pamene iwo ankadwaladwala. Atachira, nkhaniyo inathera mumpanda momwemo.

Masabata oyamba abucha ali m'chipatala, mkulu wawo, amene ana ankawatchula abambo aakulu, anapeza bambo wina wa kumzikiti kuti azidzazinga. Munthuyo anali wopemphera ndithu, koma ankafika dzuwa litakwera, makasitomala atayamba kale kusuzumira pakhomo, ndipo mpeni wake unali woti ungaukwere mpaka kumudzi osachekeka. Mbuzi inkalira, iye akucheka ngati akudula thabwa. Namanzere ankaigwira miyendo atayang'ana kumbali, akukukuta mano.

Abucha atatuluka m'chipatala, abambo aakulu anaitanitsa banja pabalaza. Anakhala pampando wa mwini nyumba, chipewa chawo choyera chitawongoka, nalankhula motalika za mlendo amene sangasunge dzina la banja. Anamaliza ndi kunena kuti mpeni utengedwe ndi mwana wamwamuna. Mwana wamwamunayo anali mlongo wa Namanzere, wamng'ono, amene anzake ankamutchula Mawaya chifukwa ankakonza mafoni ndi mawailesi pakabenchi pafupi ndi siteji ya basi. Amayi anavomera msangamsanga, nkhope ikuwala. Abucha anang'ung'udza mawu amene aliyense anawamasulira momwe ankafunira. Mawaya anangoyang'ana zala zake.

M'mawa mwake anafika kubutchala atavala magambuti a bambo ake, aakulu kuposa mapazi ake. Namanzere anali atamwetsa kale mbuzi madzi ndipo anamupatsa mpeni, chogwirira kutsogolo. Mawaya anautenga, nauyang'ana, kenako nakhala pansi pamphepete pa ngalande.

Ananena kuti pali chinthu chimene sanauzepo munthu. Kwa zaka tsopano, akaima poswali sankamva kuti pali amene akumumva. Anayesa kusala, anayesa kuwerenga, anayesa kudzikakamiza, koma mumtima munali zii ngati wailesi yopanda mabatire. Sankakhulupiriranso. Kumzikiti Lachisanu ankapita kuti amayi asalire. Anafotokoza zonsezi mosakweza mawu, ndipo atamaliza anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Koma musadandaule, achemwali. Mawuwo ndikuwadziwa. Ndiziwanena. Mbuziyo idziwa chiyani?"

Namanzere anamuyang'ana. Uyu anali mwana amene iye anamubereka kumsana, amene anamuloweza sura zoyamba za buku loyera akumusambitsa m'beseni. Anafuna kumukalipira, anafunanso kumukumbatira, koma sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anatambasula dzanja.

"Mbuzi sidziwa, koma ine ndadziwa. Anthu akagula pano amakadyetsa ana awo poganiza kuti wazinga ndi munthu wokhulupirira dzina limene watchula. Bweretsa mpeniwo."

Mawaya anafunsa ngati akawauza amayi. Iye anayankha kuti nkhani ya mtima wake ndi ya iye ndi Mulungu, ndipo ngati idzatuluke, idzatulukira pakamwa pa mwini wake. Koma mpeni ayi.

Tsiku limenelo sanazinge. Namanzere anagulitsa zotsala za m'furiji, ndipo dzuwa litapendeka anavula epuloni, navala mkanjo wabwino, napita kunyumba kwa ashehe. Anawapeza pakhonde akusoka nsapato ya mdzukulu wawo. Atalonjerana, sanazungulire. Anafunsa ngati chipembedzo chimaletsa mkazi kuzinga. Ashehe anaika nsapato pansi, nati sichiletsa. Mkazi wachisilamu wodziwa kuzinga, akatchula dzina la Mulungu, nyama yake ndi halali ngati ya mwamuna aliyense. Anafunsanso za masiku a kumwezi amene mkazi saswali, chifukwa ankadziwa kuti amayi a mumsewu wawo adzafunsa zomwezo. Ashehe anatsokomola, nayang'ana kumsewu, nati ngakhale masiku amenewo nyama siiwonongeka. Anafunsa za dzanja lamanzere. Ashehe anati lamanja ndi labwino, koma mpeni wakuthwa kudzanja lamanzere umaposa wobuntha kudzanja lamanja.

Ndiye anawonjezera kuti komabe anthu sanazolowere, ndipo chinthu chikhoza kukhala chololedwa koma n'kugawa mzikiti. Namanzere anawapempha kuti adzanene Lachisanu zimene amuuzazo. Ashehe anaseka, nati iye akufuna kuwaponya m'moto ali ndi mkanjo watsopano. Paguwa sadzanena. Koma aliyense wobwera kudzawafunsa sadzamunamiza.

"Zimenezo zandikwanira," anatero Namanzere, natsanzika.

Mwamuna wake atamva madzulo ake, anangofunsa ngati azigonabe mwamtendere pafupi ndi munthu wodziwa khosi chotero. Kenako anati achite chimene mtima wake ukumuuza, koma akonzeke, chifukwa walira mvula walira matope.

Kutacha Namanzere anatsegula chipata chakuseri mbali zonse ziwiri, n'kuchitchinga ndi njerwa kuti chisatsekeke. Sanafune kuti mawa wina adzati ankabisa. Anatawaza pampopi monga ankachitira bambo ake. Ananolera mpeni mkati mwa shopu, nauyesa pachikhadabo. Mawaya anagwira miyendo. Iye anagoneka mbuzi moiyang'anitsa kumene amayang'ana poswali, anaisisita pakhosi mpaka inasiya kunjenjemera, natchula dzina la Mulungu momveka bwino. Anakoka kamodzi. Telala, amene ankasesa pakhomo pake, anaima ndi tsache m'manja. Pofika nthawi ya tiyi, nkhani inali itafika kale kusiteji ya basi.

Matope anabweradi. Makasitomala akale ena ankadutsa tsidya lina la msewu, maso ali pafoni. Ena ankalowa, n'kufunsa za abucha, n'kutuluka osagula. Mnyamata wa pasitolo ya utoto anayamba kumupatsa moni woti abambo, mwadzuka bwanji, ndipo iye ankayankha kuti ndadzuka bwino amayi, mpaka mnyamatayo anatopa yekha. Nyama inkaswera pambedza mpaka madzulo n'kubwerera m'furiji. Anachepetsa mbuzi, koma sanasiye. Kumzikiti, kumbali ya amayi, mzere umene ankaima unayamba kukhala ndi mpata kumanja ndi kumanzere kwake, mpata woti mwana akhoza kugonapo. Iye ankangosendera yekha n'kugunditsa phewa lake ku la mnzake monga mmene swala imafunira.

Abambo aakulu anabwera pabutchala masana, anthu alipo. Sanalowe. Anaima pakhomo nati thadzi likayamba kulira ngati tambala, pakhomopo pali malodza. Anati walanda cholowa cha mlongo wake bambo ake ali moyo, wamusandutsa mwamuna mnzawo wogwira miyendo ya mbuzi. Namanzere anawamvetsera mpaka anamaliza, manja ali pakauntala. Anawauza mwaulemu kuti ashehe ali pakhonde pawo tsiku lililonse, akhoza kukawafunsa. Abambo aakulu anati safunika buku kuti adziwe chamanyazi. Mawaya, amene ankatsuka mbedza kuseri, anamva zonse. Atachoka akuluwo anatuluka, maso ali ofiira, nati mwina angonena zoona, chifukwa mlongo wake akutukwanidwa pa mlandu wa iye. Namanzere anamuuza kuti akadzafuna kunena adzanene chifukwa wakonzeka, osati chifukwa chomumvera iye chisoni. Anati msana wake ndi waukulu.

Koma mawu oti walanda anamutsata mpaka pamkeka woswalira. Atamaliza swala anakhala chogwada nthawi yaitali, akudzifunsa ngati anatenga mpeniwo chifukwa cha Mulungu kapena chifukwa ankaufuna. Anadzifufuza mosadzinyengerera, ndipo anapeza kuti ankaufunadi. Anaufuna kuyambira tsiku limene bambo ake anamuphunzitsa atatseka chipata chija. Ankakonda mmene dzanja lake linkadziwira ntchito, mmene mbuzi inkakhalira chete pansi pa chikhatho chake. Anapezanso kuti Mawaya akanakhala wokhulupirira, iye akanamupatsa mpeniwo, n'kumeza malovu owawa, n'kumuphunzitsa bwinobwino. Zonse ziwiri zinali zoona. Anaona kuti Mulungu amene anamupatsa dzanjalo sangadabwe kuti iye amalikonda. Anapinda mkeka, napita kukasambitsa ana.

Chomupweteka kwambiri chinali amayi ake. Anasiya kutuma munthu kudzatenga nyama. Namanzere akabwera kudzathandiza kusambitsa ndi kutembenuza abucha, amayi ankalankhula naye za mankhwala ndi zofunda basi. Tsiku lina masana, abucha atagona, awiriwo anali kuseri kwa nyumba akuyanika mashiti a pabedi. Amayi anagwira mbali imodzi, iye mbali ina, akukutumula. Amayi anayamba kulankhula osamuyang'ana. Anati amayi anzawo akuwaseka, akuti anabereka ana mosemphanitsa. Anati iwo anakula akudziwa kuti mkazi wachisilamu ulemu wake ndi kufatsa, ndipo sanaganizepo kuti mwana wawo wovala mpango bwino chotere angakhale pakamwa pa msewu wonse. Namanzere anayankha kuti mpango anauvala chifukwa cha Mulungu, ndipo mpeni wautenga chifukwa cha Mulungu yemweyo. Sakuona pamene ziwirizi zikumenyana.

Amayi anapachika shiti pachingwe, naikanikiza ndi mapegi mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

"Ukuganiza kuti sindikudziwa? Mlongo wako uja ndinamubereka ndine. Amaswali ngati munthu wousa mvula pakhonde la eni. Ndinaona kalekale."

Namanzere anatola shiti ina m'beseni.

Amayi anapitiriza. Anati atamva abambo aakulu akunena za mpeni, anaona ngati Mulungu wawayankha. Anaganiza kuti mwanayo akamatchula Bisimila m'mawa uliwonse, tsiku lina mawuwo adzatsikira okha mumtima. Ndiye iye, mlongo wake, wabwera kudzatseka khomo lokhalo limene linatsala.

Namanzere anaika shiti m'beseni. Sanatsimikize, sanakane. Anangonena kuti munthu sumumangirira kwa Mulungu ndi chingwe cha mbuzi. Anati ngati Mawaya adzabwerere, adzabwerera ndi miyendo yake, ndipo adzabwerera mosavuta ngati kunyumba sanamuphunzitse kunama ndi dzina la Mulungu. Anatinso pa nthawi yonse yodikirayo, ana a anthu akanadya chiyani?

Amayi anakhala pampando wa pakhonde la khitchini, nafunda nkhope ndi ngodya ya mpango. Analira pang'ono, mwakachetechete. Namanzere anamaliza kuyanika yekha. Pochoka anawatsanzika, amayi nkhope ili chifundire.

Panapita masiku. Kenako Lachisanu lina m'mawa amayi anatulukira okha pabutchala, atanyamula basiketi. Anayang'ana nyama pambedza monga kasitomala wovuta, anaibaya ndi chala, nasankha mwendo ndi chiwindi. Anati masana kubwera abambo aakulu ndi azakhali kudzaona odwala, ndipo iye ndi mlongo wake asachedwe.

Atachoka kumzikiti, onse anakhala pabalaza. Abucha anawakhazika pampando, pilo kumsana. Amayi anabweretsa madzi osamba m'manja, kenako mbale. Fungo la nyama linadzaza nyumba. Asanavundukule, anaima chilili, manja ali m'chiuno, chinthu chimene sankachita pamaso pa alamu awo.

"Alamu, ndisakunamizeni. Nyama iyi wazinga ndi mwana wanga wamkaziyu. Ine ndadya kale kukhitchini ndipo ndidyanso pano. Amene akuiona kuti ndi haramu, nyemba zili m'mbale iyo, ndaziphika bwino."

 Abambo aakulu anayang'ana mng'ono wawo ngati akufuna thandizo, koma abucha anali atayamba kale kulondola mbale ya chiwindi ndi dzanja lamanzere, msuzi ukudontha pamalaya. Azakhali, mlongo wa abucha, mayi wonenepa amene sanakanganepo ndi chakudya, anati iwo anakafunsa kale kwa ashehe sabata yatha, ndipo anangokhala chete poopa achimwene. Anadzigawira nthuli ziwiri. Abambo aakulu anakoka mbale ya nyemba mwaulemu wonse, nadya pang'onopang'ono, msana uli chiwongokere, osayang'ana kumbali. Atamaliza anayamikira nyembazo kawiri. Mawaya anaweramira m'mbale mwake, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, ndipo Namanzere anamuponda phazi pansi pa tebulo.

Abambo aakulu sanasinthe. Mpaka lero nyama amagula kumabutchala a magalasi, ndipo akakumana ndi Namanzere amayankha moni wake mwachidule. Makasitomala ena akale nawo sanabwerere. Koma ambiri anabwerera mmodzimmodzi, ena atakafunsa kwa ashehe, ena atatopa ndi nyama ya mafupa okhaokha ya kwina. Mkazi wa ashehe anayamba kubwera yekha m'malo motuma, ndipo ankaima pakauntala nthawi yaitali akucheza, kuti odutsa amuone. Mpata uja wa pamzere kumzikiti unatsekeka osadziwika tsiku.

Mawaya anabwerera kubenchi yake ya mafoni. Namanzere analemba ntchito bambo wina wamphamvu woti azigwira miyendo ndi kunyamula, ndipo mlongo wakeyo ankangobwera furiji ikayamba kutsokomola. Za mtima wake sanauze amayi, amayi nawonso sanamufunse. Lachisanu lina ankapita kumzikiti, lina osapita. Amayi ankamupakulira chimodzimodzi masiku onse, n'kumutchula dzina m'mapemphero awo mokweza pang'ono kuti amve kuchipinda. Namanzere naye ankamupempherera, koma chamumtima.

Tsiku lina masana, makasitomala atatha, Namanzere akukolopa kauntala, analowa mayi wina wachikulire amene ankagulitsa mazira kumsika. Sanagule kanthu. Anaima pakona, akupotokola ngodya ya mpango wake, mpaka Namanzere anamufunsa ngati pali vuto. Mayiyo anati mwamuna wake anamwalira chaka chatha. Ali ndi nkhuku zambiri, koma akafuna kudya imodzi amayenda nayo khomo ndi khomo kufuna mwamuna woizinga, ndipo akapeza amuna onse apita kuntchito, nkhukuyo imabwerera m'khola, iye n'kugona ndi masamba. Kamodzi anadikira mpaka alendo ake anatsanzika. Anafunsa, motsitsa mawu ngati akupempha chinthu choletsedwa, ngati zimene amva n'zoona, kuti mkazi akhoza, komanso ngati munthu wa msinkhu wake angaphunzire.

Namanzere anafinya nsanza yokolopera, naipachika pampopi. Anamuuza kuti n'zoona, ndipo nkhuku sivuta. Chovuta ndi mtima tsiku loyamba. Anamufunsa ngati amaopa magazi. Mayiyo anaseka, nati munthu amene anabereka ana asanu ndi awiri angaope magazi a nkhuku?

"Ndiye mubwere mawa m'mawa, tikangotsegula. Mutenge nkhuku imodzi, ndi mpeni umene mumagwiritsa ntchito kunyumba. Ndiyambe ndauona mpeniwo."

Mayiyo anafunsa ngati angabwere ndi mnzake woyandikana naye nyumba, amenenso ali yekha. Namanzere anati abwere naye, bola aliyense anyamule nkhuku yake.